Mwala pa Mzere

Lachitatu masana ku Mabvuku,
fumbi la simenti litamata mawindo,
ndinajambula phiri pa bolodi.
Choko chinathyoka kawiri ndisanafike pansonga.

"Sewero ndi ili," ndinatero.
"Patsinde apa tiwadziwe anthu ndi kwawo.
Pokwera apa wina afune kanthu, wina amukanize.
Pamwamba mpweya utithere tonse.
Kenako titsike, mfundo imasuke,
oonera aombe m'manja, azipita."

Ana makumi anayi ndi atatu a Fomu 1
anandiyang'ana ngati wogulitsa mankhwala a makoswe ku Mbare.
Shingirai anayasamula mpaka ndinamuona kummero.
Kumbuyo wina ankaitanira kombi monong'ona,
mmodzi yekha, mmodzi yekha, tinyamuke.

Ndinafufuta phiri lija ndi chikhatho.
"Chabwino. M'mawa uno mwakangana ndi yani?"

Kalasi inathetheka ngati mbuliwuli m'chiwaya.
Pa mjigo, aphunzitsi, pa mjigo!
Pali mayi wina amasiya mwala pa mzere kusanache,
n'kukagonanso,
dzuwa litakwera abwere akukuta m'mano:
"Mwala uwu ndi ine."
Pali mnyamata amagulitsa malo akutsogolo dola imodzi,
ngati madziwo anawakumba ndi bambo ake.

Madesiki tinawakankhira kukhoma.
Limodzi linasanduka mjigo, tsache likhale chogwirira.
Shingirai anamanga juzi m'chiuno, n'kuyamba kudikula poyenda,
mayi wamwala ndi ameneyo.
Limbikani, wobadwira konkuno,
amene Chichewa cha makolo ake chimangomutuluka akapsa mtima,
anatenga malo a wogulitsa.
Chishona ndi Chichewa zinagwirana m'khosi pakati pa kalasi,
palibe anapempha womasulira.

Sindinatchulenso phiri,
koma ndinawaona akukwera okha:
mawu, kenako chala, kenako chigongono,
mpaka manja anayi pa chidebe chimodzi,
ine mtima uli m'mwamba kuti chidebecho n'cha ahedi.

"Imani pompo. Tsono lithe bwanji?"

Abwere apolisi.
Ayi, abusa.
Igwe mvula, onse aseke.
Wina anati mayiyo akomoke, basi, chifukwa amatha kugwa bwino.

Nyaradzo amakhala pafupi ndi chitseko.
Chiyambire Januwale mawu ake ndimawamva poitana maina pokha.
Sanakweze dzanja.
"Afike onse kutsogolo," anatero. "Apope.
Apope mpaka thukuta.
Madzi asatuluke."

"Nanga mfundo imasuka pati, mwanawe?"

"Siimasuka, aphunzitsi.
Dzulo sinamasuke."
Anakanda desiki ndi chikhadabo.
"Akhale chete onse.
Mayi uja atole mwala wake, aupukute,
akauike pa mzere wa mawa."

Ndinatsegula pakamwa kuti nditeteze phiri langa,
lomwe ndinalilipirira fizi zaka zitatu.
Ndinatsekanso.

Tinayesa.
Tsache linakwera, linatsika, linakwera,
Limbikani akulira ndi pakamwa kulira kwa chitsulo chouma,
kwii, kwii, kwii.
Kenako zii.
Shingirai, woseketsa uja, anawerama pang'onopang'ono
ngati msana wake wabereka ana asanu,
natola dasitala wathu,
namupukuta pa juzi.

Belu linalira.
Palibe anathamangira chikwama.
Mtsikana wina anali atagwira pakamwa.
Panja ogulitsa mafirizi ankaitana,
ife tili tcheru ndi desiki losatulutsa madzi.

Madzulo ndinalemba m'buku la ndondomeko:
"Chiyambi, anamva. Mkangano, anabwera nawo okha.
Mathero..."
Magetsi anazima ndisanamalize,
ndipo sindinafunefune kandulo.

Kutacha, ndili ndi zigubu zanga ziwiri pa mjigo wa kwathu,
ndinapeza mwala patsogolo panga,
wakuda, wosweka ngodya imodzi.
Phazi linanyamuka kuti liukankhe.
Ndinalibweza,
n'kuima kumbuyo kwake
monga timaimira kumbuyo kwa munthu.