Mpeni wa ku Krete

Nambala 47.
Ndalemba ndi pensulo pa kakhadi,
ndamangirira ndi ulusi pa mpini,
monga ndinachitira ndi nthungo ya ku Ekwendeni,
chibonga chong'aluka mutu cha ku Embangweni,
ndi mivi isanu ya ku Usisya
yomwe nthenga zake zinatha ndi njenjete.

Zinazi ndimazidziwa ngati mano a m'kamwa mwanga.
Ndikhoza kukuuzani nditatsinzina
kuti anasula nkhwangwa iyi anali wamanzere.
Koma uwu wandikanika.

Anabwera nawo Tafwakose Zgambo wa ku Zolozolo,
m'mawa wa chifunga, pa sakaramento,
ataukulunga m'chitenje chonyowa.
Akuti agogo ake aamuna ankaphikira Mgiriki wina, Manolis,
kale, kuno kukadali minda ya tangi ndi matope,
ndipo mzunguyo pochoka,
malipiro a miyezi itatu atamusowa,
anangosiya mpeni pa tebulo, nakwera lole.
Mayiyo ankafuna ndalama ya mayeso a mwana.
Sindinanenerere.

Mpini ndi wa nyanga yoyera,
kumapeto wachita mphanda ngati mchira wa namzeze.
Chimake ndi cha siliva, chada ndi zaka.
Ndayeza: masentimita makumi awiri ndi atatu.
Ndapukuta dzimbiri ndi mafuta a makina osokera
mpaka zatuluka zilembo, mizere iwiri,
zina ngati mbedza, zina ngati mapazi a nkhuku.

Milungu itatu ndakhala ndikuziyang'ana,
mvula ikuwaza pa malata a ku Chibavi.
Ndinkati ndi temberero la mdani,
kapena chiwerengero cha amene anagwa.
Ndinali nditalemba kale m'kaundula:
chida cha nkhondo.

Lachiwiri ndinapita ku Luwinga
kwa abusa a Thindwa, amene anaphunzirako Chigiriki.
Anavala magalasi, anavulanso,
anatembenuzira mpeni ku zenera.
Anati ichi si Chigiriki cha m'kalasi,
ndi cha kumapiri, cha oweta mbuzi,
koma mwina chikuti:
"Ukanditenga, unditengere kutali,
ndikakalambe ndikudula buledi wa alendo."
Anati mwina. Anabwereza kawiri.

Pobwerera ndinatsikira pa Katoto
ndipo ndinayenda wapansi mpaka kunyumba.
Usiku ndinauikanso pansi pa nyali.
Nsonga yake ndi yathunthu, sinagundepo fupa.
Koma pakati padyeka, palowa m'kati ngati mwezi watsopano,
pamene manja a mibadwo itatu
ankasendera chinangwa,
ankadulira khosi la tambala wa Khirisimasi,
ankanolera pa mwala wa pakhomo.

Zaka makumi atatu ndatolera zobayira.
Ana anga anakulira m'chipinda chimodzi
chifukwa chinacho munkagona mikondo.
Sindinafunsepo nthungo ya ku Ekwendeni
kuti inapha mbawala zingati,
ndi kuti inangotsamira khoma zaka zingati
ikumvera anthu akukangana za mchere.

Chisumbucho sindidzachiona.
Pa mapu a mdzukulu wanga
ndi kachidutswa ngati chikhadabo chowengedwa,
ndipo Manolis, ngati anafika kwawo,
anafika m'chiuno muli pululu.

Ndafufuta mawu atatu aja m'kaundula.
Pepala lachita kubooka.
NyaLuhanga akuitana kukhitchini,
akuti mpeni wathu uja wasowanso,
kodi mwa mipeni yonse yadzaza nyumbayi
palibe umodzi wodziwa kabichi?

Ndamasula ulusi.
Kakhadi ndasiya pa shelefu, pa malo pake,
pakati pa 46 ndi 48.