Kwanu Nkuti?

Lolemba, teremu ili pakati kale,
ndinalowa mu Sitandade 6B
kalata ya thiransifa itanyowa ndi thukuta m'manja,
yunifolomu yanga ikadali yobiriwira ya ku Mzuzu
pakati pa mabuluu okhaokha,
ngati chiwala chogwera m'lichero la ufa.

Mayi Likoswe anatsegula kaundula,
nanyambita chala.
Dzina? Sungeni Makwinja.
Kwanu nkuti?

Malo anayi anapanikizana pakhosi panga:
ku Mvera kumene unagwera mchombo,
ku Lilongwe kumene ndinaponya dzino pamwamba pa malata,
ku Chilumba kumene tinasiya mphaka ali ndi bere,
ku Moyale kumene Lusekelo anandiluka mutu mbali imodzi,
lole nkuliza hutala tisanamalize.
Ndinangoti: ku baraki.

Kalasi yonse inaphulika.
Baraki si mudzi, mwanawe. Mfumu yake ndani?
Mpatawo anausiya wosalemba.
Ulipobe wosalemba.

Pa buleki Jafali anamenya sawasha,
mapazi ake ombuwa akuponda fumbi kumbuyo kwanga,
lefiti, raiti, lefiti,
mpaka pa mjigo.
Kuyambira tsikulo ndine Kopolo.
Lilime nalo linandipereka:
ndinafuna kuti zikomo, panatuluka yewo.
Kumpoto ankanditcha Mchewa,
kuno akuti Mtumbuka uja.

Matimu a fulaye anagawidwa kalekale,
anthu akadali mu Sitandade 1 mamina ali mbwee.
Amadziwana agogo, amadziwana maliro,
amadziwa mtengo wa mango wopanda galu ku Chinamwali.
Ine ndimadziwa kupinda bulangete lopanda khwinya,
kukulunga makapu m'nyuzipepala
ndi kutsanzika osagwetsa msozi.

Mafulakishoni ndawaphunzira kawiri.
Kugawa kwakutali kunandidutsa
ndili pamwamba pa matilesi, pena pake pa Jenda,
ndipo palibe amene anaimika lole.

Adadi amati msilikali sabzala nthochi.
Pano ali ku Congo.
Lamlungu foni imalira, mawu awo amafika zidutswazidutswa:
sukulu... bwanji... anzako...
Ndimati bwinobwino,
netiweki nkundithandiza kudula bodzalo.
Amayi sanamasulebe makatoni atatu.
Ali kuseri kwa chitseko, pamwamba analemba ZOSWEKA,
ndipo usiku wina ndimaganiza
kuti akanalemba pamphumi panga.

M'mamawa lipenga la ku Cobbe limang'amba nkhungu.
Ndikatuluka pa geti ndimayang'ana phiri,
lakhala phee, mapaini ali ndii kumsana.
Ilo silinaonepo kalata ya thiransifa.
Palibe analifunsapo kwawo.

Lachinayi la sabata yachisanu
mvula inatitsekera m'kalasi.
Asiyatu, amene amakhala kumbuyo pafupi ndi windo losweka,
anakankhira chigumu chake kwa ine,
atachinyema mosalingana, chachikulu mbali yanga.
Sanafunse za mfuti.
Sanafunse ngati adadi anaphapo munthu,
monga amafunsira anyamata.
Anati: tsitsilo anakuluka ndani chonchi?
Kenako, akutafuna: ukhala mpaka liti?

Sindikudziwa, ndinatero.
Mwina Disembala. Mwina chaka chamawa.
Zimadziwika ku ofesi, kwa anthu osandidziwa.

Anayang'ana mvula, nayang'ana ine,
napukuta zala pa diresi.
Ndiye tifulumire, anatero.
Loweruka ubwere ku Mpondabwino, amayi amagulitsa tomato,
ndidzakumalizitsa mbali inayo.

Sindinayankhe msanga.
Ndikudziwa kulemera kwa dzina
ukalinyamula pa lole.
Ndili nawo kale anayi mu kope la Soshozi, tsamba lomaliza,
ena manambala awo sagwiranso.

Komabe belu litalira, onse atathamangira panja,
ndinatsalira.
Pakona ya desiki, pansi pa mayina
ogobedwa ndi kampasi zaka zambirimbiri,
ndinalemba langa.
Ndi pensulo.
Koma ndinadinikiza.