Njira ya pa Kapinga

Zaka makumi awiri ndili kalaliki ku Civic Centre
zala zanga zidatayipa malamulo a mzinda:
osagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu,
osaweta nkhumba m'mayadi,
osaponda kapinga.
Lomalizali ndidalitayipa katatu,
chindapusa chikukwera ulendo uliwonse.

Bambo Otaviyo Merlani ankachita lendi ku Namiwawa,
Mtaliyana wa mano achikasu ndi jekete la zigamba m'zigongono.
Kwawo adaphunzitsa zamalamulo pa yunivesite
mpaka adayambana ndi onse, a boma ndi otsutsa omwe.
Adalemba mabuku anayi,
owerenga, ankatero mwiniwake, anali anthu khumi ndi njenjete.
Adabwera kudzadula laisensi ya galu
koma adatuluka atandigwira mkono.

Taona, Kalonjere, adatero
m'Chichewa chotsimphina ngati njinga yophwa tayala,
akuloza kanjira kofiira kodula pakati pa kapinga
kuchokera pa siteji ya minibasi kukafika pa geti.
Adakalamula ndani?
Palibe khansala adakweza dzanja.
Ndi mapazi okha, ili pambuyo pa linzake,
aliyense akuthamangira zake.
Lamulo lenileni limabadwa chotere,
ngati mawu a m'kamwa mwanu
omwe palibe komiti idakhalirapo pansi.
Zinazo ndi anthu makumi asanu ndi mmodzi
kukhala pamsana pa makumi anayi ndi asanu ndi anayi.

Loweruka ankandikokera ku msika wa Limbe,
osagula kanthu, kungoima ngati kakowa
kumvetsera Abiti Mdala akunenerera mtengo wa anyezi.
Tsiku lina amayi awiri adalimbirana malo,
mkulu wa msika adafunsa amene adayamba kuyala thumba pamenepo,
mboni zidayankha, mlandu udatha dzuwa lisanapendeke.
Otaviyo adavula chipewa.
Uyu ndiye woweruza, adatero,
sapanga lamulo, amalitola pomwe lidagwera.

Ine sindinkangovomera ayi.
Ndidamuimika pa mlatho wa Mudi, mphuno titatseka:
nawonso awa ndi mapazi a anthu,
aliyense akutaya zake.
Adati mtsinje wopanda mwini ndi mwana wamasiye.
Ndidati ukaupatsa mwini, wa ku Ndirande akachapa kuti?
Tidakangana mpaka pa Ginnery Corner
minibasi zitatu zitatisiya.

Chaka chomwe Chifuniro wanga adagonekedwa ku Queens,
chifuwa chikulira ngati mvukuto,
mankhwala atatha m'chipatala,
ndidamukalipira pakhonde la wodi:
msika wako uja um'patsa mpweya?
Sadayankhe.
M'mawa adabwera ndi envulopu, wotchi itachoka pamkono.
Ndidakana, kenako ndidalandira.
Ndidadikira kuti anene kuti waona, si boma lakuthandiza.
Adangofunsa ngati mwana wadya.
Mpaka lero sindidziwa adapambana ndani.

Adabwerera kwawo mvula ya chizimalupsa itangogwa,
miyendo itatupa, galu atandisiyira.
Kalata idabwera imodzi,
yodandaula za msonkho wa maliro ake omwe.

Nditapuma pa ntchito khonsolo idatopa,
idathira simenti pa kanjira kaja
ndi kuikapo chikwangwani: Yendani Apa.
Dzulo ndidapita kukafunsa za penshoni.
Siteji adaisunthira kumtunda pang'ono,
ndipo pambali pa simentiyo, cha kumanzere,
udzu wayamba kale kufiira.
Ndidayang'ana mlonda, anali pa foni.
Lamulo lija likadali m'buku, tsamba lachisanu ndi chiwiri,
ndi chilembo chimodzi chomwe ndidaphonya.
Ndidapinda buluku, mame anali ambiri,
ndidaponda.