Khwawa Lopanda Msonkho

Phula linathera kumbuyo dzulo masana.
Kuchokera apo msewu uli ngati lata logoneka pansi,
mano gwedegwede, masipuni kulira m'bokosi,
Gidgee mutu pawindo
akuluma mphepo ngati inamulakwira.

Pano palibe geti, palibe wolemba lisiti.
Chikwangwani n'chimodzi, chobooka ndi zipolopolo,
chikuti m'tchire muno anamwaza nyama yapoizoni
yophera agalu olusa odya ana a nkhosa.
Anga awiriwa ndawaveka timadengu kukamwa.
Tuppence wandiyang'ana ndi diso lake lotsalalo,
lomwe ankamuyang'ana nalo Warrick
akabwera usiku kochokera kometa nkhosa,
akununkha ubweya ndi mowa.

Makoma a khwawa ndi ofiira ngati chiwindi,
atali mpaka chipewa kugwa.
Pansi pake mchenga wofewa, mibulugama yoyera makungwa,
ndi thamanda limodzi lobiriwira
pomwe zinkhwe zimatsikira madzulo kudzatukwanizana.
Ndinakhoma hema pamchengapo,
msana wa zaka makumi asanu ndi limodzi
sukambirana ndi miyala.

Ntchentche sizipempha chilolezo.
M'maso, m'mphuno, m'tiyi.

Tsiku lachitatu kunatulukira galimoto yoyera.
Anatsika Shontelle, mwana wa eni dziko lino,
malaya aulonda wa nkhalango atapinda manja.
Anayamba wapatsa moni agalu, ine pambuyo.
Kenako anayang'ana hema, nayang'ana nyerere
zitasenza mazira kukwera nawo pathanthwe.
"Kumpoto kwagwa mvula, mayi.
Kutali, ulendo wa tsiku lathunthu.
Koma mugone pamwamba lero."
Thambo linali mbee, lopanda ngakhale nthenga.
Ndinasamuka ndikung'ung'udza,
kuzula zikhomo, kunyamula Tuppence ngati thumba la ufa
poti miyendo yakumbuyo inamukana chaka chatha.

Usiku dingo analira kutsidya,
wina namuyankha kumtunda.
Gidgee, wolimba mtima pothamangitsa matayala,
anadzipanikiza kukhwapa kwanga, akunjenjemera.
Nyenyezi zinali zambiri mochititsa manyazi.
Ndinayamba kumuuza Warrick za mtengo wa dizilo,
ndinaleka.

Amene anayamba kumva ndi Tuppence,
gonthi uja wosamva ngakhale mbale yake ikalira.
Anadzuka, mphuno kumpoto, ubweya njoo.
Kenako fungo la dothi lonyowa.
Kenako chiphokoso ngati sitima yakatundu
m'dziko lopanda njanji.
Ndinaunika tochi:
thovu, zipika, mtembo wa mbuzi yam'tchire ukugubuduka,
madzi akuda akumeza mchenga wanga wofewa uja,
phulusa la moto wanga,
ndi ketulo ya Warrick yopindika chogwirira
imene ndinaiiwala pamwala
ndikuti ndikaitenga mawa.

Madzi saiwala khwawa.
Woiwala ndine.

Kwacha. Njira yotulukira ili pansi pa mtsinje.
Foni ilibe kamzere ngakhale kamodzi.
Ndawerenga zitini: nyemba zinayi, nsomba ziwiri,
chakudya cha agalu cha sabata,
madzi akumwa zigubu zitatu ndi theka.
Shontelle akudziwa pomwe ndili, zandikwanira.

Tiyi ndawiritsa m'chitini cha mapichesi.
Akukoma dzimbiri.

Anthu m'tauni amafunsa kuti kumeneko mumalipira zingati.
Ndimati ulere.
Sinditchula tayala long'ambika,
kapena usiku womwe ndinagwira khosi la galu mpaka zala kuuma,
kapena ketulo imene panopa ili paulendo
wopita kunyanja yamchere yomwe mwini wake sanaioneko.

Gidgee wapeza ndodo, akufuna ndiponye.
Tuppence wagona padzuwa pamphepete pa phompho,
kadengu kukamwa, diso limodzi tong'o,
akulondera mtsinje wofiira
ngati gulu la nkhosa limene lasochera,
akudikira wina aimbe likhweru.