Funso la Khumi ndi Chinayi

Anatitsitsa pa Ulongwe m'mwezi wa Juni,
aliyense ndi tabuleti, chipewa cha bungwe
ndi mafunso makumi anayi ofunsa amayi.
Ine anandipatsa njira ya ku Domwe.
Fumbi la njinga yamoto linandilowa mpaka m'mano.

Khomo lachisanu ndi chiwiri:
mayi akusankha kachewere pa chiguduli,
zazikulu zopita ku Tete, zazing'ono zambewu,
zotemeka ndi khasu zodya okha.
Dzina? Ermelinda Nangondo.
Zaka? Makumi anayi ndi zitatu.
Muli pabanja? Eya, ndi awo akukhoma khola la nkhumbawo.
Ana? Ayi.
Omwalira? Ayi.
Padera? Sindinapitepo.

Chala changa chinatsetserekera chokha
pa kabokosi ka wosabereka.
Iwo anachiona.
"Chumba si ine, mtsikana iwe. Fufuta.
Kuchipatala anandiyeza, zonse zili m'malo mwake.
Sindinafune basi."

Funso la khumi ndi chinayi limati:
mumafuna ana angati?
Ndinalemba ziro. Tabuleti inafiira,
inati nambala iyambire pa wani.
Ndinalembanso. Inakananso
ngati apongozi.

Anaseka, nataya mbatata yowola kwa nkhuku.
"Nakonso kamatunga pa mjigo wathu?
Kumeneko ine ndilibe dzina.
Anzanga ndi make Tomasi, make Lurdesi,
ine ndine ujeni wa Gervaziyo.
Ati ana ndinakhwimira kudimba,
n'chifukwa chake kachewere wanga amabereka chonchi.
Ati tsiku la maliro anga
adzandiika khala kumsana.
Achibale awo bambowa anawapezera wina ku Tsangano.
Anapitadi, anagula mbewu matumba awiri,
n'kubwerako okha."

Chifukwa chake?
Pali timabokosi: umphawi, matenda, ntchito, mwamuna.
"Ndinabereka kumsana azing'ono anga asanu
mawere asanamere,
koma usalembe chimenecho, ungandinamizire.
Selesita ankabereka nawo,
lero ali ndi ake asanu ndi atatu ndipo akukondwa.
Ine ndimangokonda m'mawa wanga uli zii.
Kodi amene ali ndi ana
mumawafunsa chifukwa?"

Ndinayendetsa chala mpaka pansi.
Funso limenelo mulibe.

Anandininkha kachewere wodzaza chipewa.
Bambo aja anandiperekeza mpaka pa mlatho,
sananene kanthu, kupatula kuti mvula ya chaka chino inachedwa.

Madzulo, kogona alendo, mkulu wathu anati:
ika wani, fomu ipite,
mayi mmodzi sasuntha chiwerengero.
Foni yanga inali ikulira pa mphasa,
amayi ku Moatize, kachitatu,
ndipo ndimadziwa pothera nkhani yawo:
zaka makumi atatu zakwana, Odete,
ndidzafa osagwirako mdzukulu?
Ndinasisita pamkono wanga wamanzere
pomwe pali timachubu tiwiri tomwe iwo sadziwa.

Ndinaika wani.

Tsono m'kompyuta ina ku Maputo
muli mwana amene Ermelinda akumufuna,
wopanda dzina, wosalira usiku,
ndipo adzamuwerenga pamodzi ndi anzake
pokonza mabenchi a sukulu.
Ndinamubala ine, ndi chala,
batire litatsala pang'ono kutha.