Kaundula wa Mbalame wa a Laisoni

Bukuli analisiya Bambo Mfumu aja
a ku parishi ya m'mbali mwa nyanja yamchere,
tsiku lomwe ankabwerera kwawo ndi chifuwa chosapola.
Munali mayina osindikiza kale,
mbalame zotola nsomba pamafunde,
zoti kuno ku Harare
ungadikire mpaka imvi, sizingatere.

Atate, wosesa bwalo la tchalitchi ku Mufakose,
analilandira ndi manja awiri
ngati khasu lopanda mpini.
Usiku womwewo anabwereka lula yanga yakusukulu
nadula tsamba lililonse pakati:
kumanzere za kunyanja, kumanja za kuno.

Pumbwa, pa mpapaya wa a Marufu, Lolemba, awiri.
Namzeze, pa waya, makumi anayi kapena kuposa,
magetsi atathima tsiku lachitatu.
Nantchengwa, kudambo la Marimba,
wanyamula sokosi ya mwana kukamangira chisa.
Khwangwala sankamulemba.
Ankati uyo safuna mboni, amadzilengeza yekha.

Amayi ankadandaula za nsapato.
Loweruka lililonse zinkabwera zitamwa matope,
thalauza lodzaza chisoso,
munthu wake akumwetulira ngati walandira malipiro.
Oyandikana nawo ankaseka pampanda:
Achimwene, mbalame zanu zakwana?
Iwo ankangofunsa dzina lake m'Chishona
nalilemba pansi pa lathu, ndi zilembo zazing'ono,
namzeze pamwamba, nyenganyenga pansi,
mbalame imodzi, zitupa ziwiri.
Chitupa chawo chinkati mlendo
ngakhale anakwatirira kuno, naika ana awiri m'dothi lakuno.

Ndikatsegula masamba apakati ndimaona dambo likuuma.
Palibe pomwe analemba kuti lauma.
Manambala okha ndi omwe akuonda:
atchete zana, atchete makumi atatu, atchete asanu ndi mmodzi,
kenako, m'mphepete, ndi pensulo yofooka:
pomwe panali bango pathiridwa njerwa.
Zinziri anamumva komaliza chaka chomwe ndinakwatiwa.
Anasiyabe mzere wake wopanda kanthu
monga momwe timasiyira mbale
munthu amene wapita kumsika.

Kumanzere kunakhala koyera zaka makumi awiri ndi zitatu.
Ndiye tsiku lina akwaya anachita hayala basi ya ku Chivero,
ena akukazinga nsomba, ena akukangana za chenji,
atate anaima chilili, kapu ya tiyi ikupendekeka.
Pamwala panali mbalame yoyera, yamutu wotuwa,
miyendo yofiira ngati yaponda utoto,
ikulira mokalipa ngati wogulitsa malasha.
Anapukuta magalasi kawiri.
Anatsegula buku kumanzere, dzanja likunjenjemera,
nachonga kamodzi kokha.
Pambali analemba:
Ya Bambo Mfumu. Yafika. Yachedwa koma yafika.
Analemba kalata yopita kutsidya.
Inabwerera patapita miyezi isanu, yosatsegula.

Lero bukuli lili kwa ine ku Kuwadzana,
m'kabati, pansi pa makadi a sikelo ya ana.
Chikuto chinadyedwa ndi mphemvu ngodya imodzi.
Ana anga Chichewa amachimva pamaliro pokha.
Ndikawawerengera nthengu, mpheta, lumbe, gogomole,
amaseka, ati ndikutchula mankhwala.
Koma wamng'ono, Tadala, dzulo anandikoka chitenje:
pa thanki yamadzi ya oyandikana nawo
panatera kanthu kotuwa, kamchira wautali,
kakugwedeza mchirawo ngati kakuwerenga ndalama.

Ndinafufuza kumanja, tsamba ndi tsamba.
Ndinafufuza ngakhale kumanzere.
Mwina kalimo, koma ine sindidziwa nkhope za mayinawa,
ndinalowa chuma cha mawu opanda nthenga.

Ndinapempha pensulo ya mwanayo.
Pansi pa mzere womaliza wa atate ndinalemba:
Lachinayi, mmawa, madzi asanabwere kumpopi.
Kamodzi. Kotuwa. Dzina sitikulidziwa.
Oona: awiri.