Dengu Loiwala

Kachitatu tsopano ndaika mbewu za matyulipu m'dengu,
dengu la pakompyuta lija lopanda chogwirira.
Kachitatu ndadina poti lipirani,
dengu labwerera lili pululu
ngati sitinaonanepo.

Kunja Gdańsk wafunda chifunga.
Makina onyamula katundu padoko angoti njo, makosi m'mwamba.
Zaka makumi atatu ndinawotcherera zitsulo za sitima pansi pawo,
lero wandigonja ndi kabokosi kosakwana chikhatho:
Lolani makuki kuti mupitirize.

Ndamuimbira Kinga ku Bergen. Akutsuka mbale, ndikumva madzi.
Bambo, si akudya ayi, akuseka.
Ndi tizizindikiro timene tsamba limasiya m'bulawuza
kuti mukabweranso lisakufunseni kuti ndinu yani.
Pamwamba kumanja pali timadontho titatu. Dinani.
Zokonzera. Kenako Zachinsinsi.
Mwapaona?

Ndapaona.
Kabatani kali kotuwa, kozimitsa,
ndipo sindikufunsa anakazimitsa ndani.

Wiesława anakula masiku amene makalata
ankafika atamatidwa kawiri,
foni ikamalira kuti tiki musanayambe kulankhula.
Ankalipira ndi ndalama zogwirika, malisiti n'kuwotcha m'mbaula.
Wokukumbukira kwambiri, ankatero,
ndiye kuti wakulemba penapake.
Usiku wina ine ndili mkonono
anakhala pampando uno, magalasi pamphuno,
n'kutseka zitseko zonse za makinawa chimodzichimodzi.

Lolani a tsambalo okha, akutero Kinga,
a otsatsa malonda aja muwasiye panja.
Bambo? Muli pomwepo?

Ndili pomwepo, mwanawe.
Chala chimene sichinanjenjemere pa moto wa chitsulo
chikuzengereza pa kambewa ka pulasitiki.
Zikukhala ngati ndikutsegula zenera
limene mwini wake anatseka asanapite ulendo.

Ndadina.
Palibe chalira. Palibe wagogoda pakhomo.
Kabatani kangosintha mtundu, basi.

Pasiwedi ili kuseri kwa kalendala ya chaka chatha,
m'zilembo zake zopendekera kumanzere.
Ndailemba ndi chala chimodzi, ndalakwitsa, ndabwereza.
Tsamba laphethira kamodzi, n'kunena:
Takulandiraninso, Wiesława.

Kinga wasiya kutsuka. Madzi azima.

M'dengu mbewu zakhala osathawa,
khumi ndi ziwiri, zofiira zonse,
zokabzala pamanda nthaka isanaume ndi chisanu.
Ndatseka tsamba dala, ndatsegulanso.
Zilipo. Dzina lija liliponso.

Pafoni ndi chimodzimodzi, Bambo,
timadontho tomwe tija. Tichitiretu?

Ayi, mawa.
Foni ibaiwala kaye.
Usiku uno m'nyumba muno
okumbukira takwana awiri,
ine ndi makina amene akuganiza kuti iye wabwera,
ndipo tiyi wandizizirira m'kapu
ndikuyang'ana moni wosakhala wanga.